Kukhumudwa Kodza Msambo Ukayandikira

M'midzi ya m'boma la Chiradzulu, kuchokera ku Namadzi kukafika ku Namitambo, anamkungwi akhala akulangiza anamwali kuti mkazi akakhala kumwezi asathire mchere m'ndiwo. Chotero masiku osamba ndiwo amene banja limasamala. Koma kwa akazi ena chovuta chimadza magazi asanaoneke. Kukatsala sabata imodzi kapena ziwiri, mayi amene amaseka ndi anzake pachitsime amayamba kulira popanda womputa, kupsa mtima msanga ndi kusowa tulo. Apongozi amati ndi mwano, ena amati walodzedwa. Atangoyamba kusamba, pakapita masiku awiri kapena atatu, mtima umakhala m'malo.

Gwero lake lili m'thupi. Dzira likatuluka pakati pa mwezi, homoni yotchedwa progesterone imachuluka, ndipo mayi akapanda kuima, imatsika pamodzi ndi inzake ya estrogen. Mu 1931 dokotala wa ku New York, Robert Frank, anaganiza kuti akazi ovutikawa ali ndi mahomoni opitirira muyeso. Mu 1998 Peter Schmidt ndi David Rubinow a ku America anaonetsa kuti nkhani siili choncho. Atatseka mahomoni ndi mankhwala, ambiri mwa odwalawo anapeza bwino. Atawabwezera, kukhumudwa kunabweranso. Akazi opanda vutoli atachitidwa chimodzimodzi sanamve kanthu. Mahomoni ndi omwewo, koma ubongo wa ena sulandira bwino kukwera ndi kutsika kwake, makamaka pa ntchito ya serotonin, imene imathandiza kukhazika mtima pansi. Mu 2019 bungwe la World Health Organization linavomereza vutoli, likakula kwambiri, kukhala nthenda, m'dzina la PMDD.

Ngongole, nkhanza za m'banja ndi njala ya mu Januwale ndi Febuluwale zimakulitsa vutoli. Kutaya magazi ambiri nakonso kumafooketsa, koma imeneyo ndi nthenda ina, yofuna kuyezetsa magazi.

Choulula nthendayi ndi nthawi yake. Mayi alembe pakalendala masiku okhumudwa ndi masiku osamba kwa miyezi iwiri, kenaka akaonetse kuchipatala cha boma ku Chiradzulu kapena ku Nguludi. Kukhumudwa kosalekeza mwezi wonse kuli ndi chithandizo chake. Kodza msambo ukayandikira kumamva mankhwala monga fluoxetine, ndipo ena amathandizidwa ndi mapiritsi olera. Koma amene wafika poganiza zodzipha asadikire kalendala. Abale ampereke kuchipatala tsiku lomwelo.