Ndege Zimene Zinkatera pa Mtsinje wa Zambezi

Ana a ku Chelstone, inu ndiye mumaziona bwino ndege, poti zimadutsa chakufupi zikamatsikira ku bwalo la Kenneth Kaunda. Mukayang'anitsitsa mumaona matayala atatuluka kumimba. Nanga ndege yopanda matayala ingatere pati?

Imatera pamadzi. Musaseke, zinkachitika kwathu konkuno.

Mu Lusaka tilibe nyanja, koma mukakwera basi pa Intercity kupita ku Livingstone, ulendo wa makilomita pafupifupi 480, mukafika pamalo pamene ndege zotere zinkatera. Kuyambira mu 1948, kampani ya ku Britain yotchedwa BOAC inkanyamula anthu kuchoka ku Southampton kupita ku Johannesburg pa ndege zazikulu zotchedwa Short Solent. Iliyonse inali ndi injini 4 ndipo inkanyamula anthu oposa 30. Ulendowo unkatenga masiku oposa 4, chifukwa dzuwa likalowa ndege inkatera, anthu n'kukagona kuhotela. Inkatera pa mtsinje wa Nile, pa nyanja ya Victoria ku Uganda, kenako pa Zambezi, kumtunda kwa mathithi a Mosi-oa-Tunya. Alendo ankagona ku Victoria Falls Hotel, tsidya lija lomwe lero ndi Zimbabwe. M'mawa ankapitiriza ulendo mpaka kukatera pa damu la Vaal. Mu 1949 ndegezi zinayamba kuteranso pa Cape Maclear, ku nyanja ya Malawi.

Bwalo la pamtsinje lili ndi eni ake. Ndege isanatere, boti linkayamba layendera malowo kuchotsa zipika zoyandama ndi kupirikitsa mvuu. Mvuu yaikulu imalemera kuposa galimoto yaing'ono, ndiye ganizani zimene zingachitike ndege itaigunda ikuthamanga.

Kodi chimachititsa n'chiyani kuti ndege isamire? Pali mitundu iwiri ya ndegezi. Ina, monga Solent, mimba yake yonse ndi bwato. Ina ndi ndege wamba imene m'malo mwa matayala anaimangirira timabwato tiwiri totalika, topanda kanthu m'kati. Mpweya wa m'katimo ndi umene umaiyandamitsa. Munthu woyamba kuuluka kuchokera pamadzi ndi ndege ya injini anali Henri Fabre wa ku France, pa 28 March 1910.

Kuyandama n'kosavuta. Chovuta ndi kunyamuka, chifukwa madzi amakakamira. Yesani kuvundikira mbale pamadzi m'beseni, kenako muikweze mofulumira: mumva madzi akuikoka. Ndege nayonso imagwidwa chimodzimodzi. Akatswiri anapeza nzeru yake. Kunsi kwa bwato la ndege anadulako kasitepe, kotero kuti liwiro likakula, mbali ya kumbuyo imatukuka, mpweya n'kulowa pansi, madzi n'kuisiya. Ikatero imangotsetsereka pamwamba pa madzi mpaka mapiko ainyamule.

Chodabwitsa china n'chakuti oyendetsa ndegezi amaopa madzi abata kwambiri. Nyanja ikangoti zii, popanda ndi kafunde komwe, maso amanyengeka, munthu sadziwa ngati madzi ali pafupi kapena patali. Timafunde tating'ono ndi timene timamuthandiza. Komanso pamadzi palibe mabuleki. Injini ikazima, mphepo imaikankhira ndege kumene ikufuna, ndiye woyendetsa ayenera kudziwanso luso la amalinyero.

Ulendo wa pa Zambezi sunakhalitse. Mu 1950 bwalo la ndege la Livingstone linatsegulidwa, lomwe lero timalitcha Harry Mwaanga Nkumbula, ndipo chaka chomwecho ma Solent anasiya kubwera. Pofika 1952 ndege ya jeti yotchedwa Comet inali ikutera pamenepo paulendo wa London ndi Johannesburg.

Koma kwina ndege za pamadzi zikadali pantchito. Ku Maldives, dziko la tizilumba tambirimbiri, zimanyamula alendo tsiku ndi tsiku. Ku Canada ndi ku Alaska zimapititsa makalata, chakudya ndi odwala kumidzi kosafika msewu. Ndipo kumeneko, makamaka ku America, kuli mkangano. Nyanja zina akuluakulu anaziletsa kuterapo ndege. Oletsawo amati phokoso lake limasokoneza anthu ndi mbalame, ndipo ikhoza kugunda osambira kapena mabwato. Amatinso imatha kutenga udzu woipa ku nyanja ina n'kukaugwetsa ku nyanja ina. Chifukwa chomalizachi si chabodza ayi. Funsani anthu a ku Kafue za namasupuni, udzu wa maluwa okongola uja wochokera ku South America, umene umaphimba mtsinje mpaka bwato kulephera kudutsa. Kachidutswa kamodzi kokodwa kunsi kwa ndege n'kokwanira kuyambitsa vuto.

Oyendetsa ndege, kudzera m'bungwe lawo la Seaplane Pilots Association, amayankha kuti nyanja ya boma ndi ya aliyense. Maboti a injini nawonso amasokosa, nawonso amanyamula udzu, koma saletsedwa. Phokoso la ndege limatha ikangonyamuka, pamene boti likhoza kulira tsiku lonse.

Ine ndikuona kuti oyendetsa ndege akunena zoona pa mfundo imeneyi. Kutsekeratu nyanja n'kufulumira. Pamsewu wa Great East pamadutsa mabasi, njinga ndi oyenda pansi, ndipo sitithamangitsa aliyense, timangoika malamulo. Pamadzi zingathekenso: ndege ipatsidwe malo ake oterapo, kutali ndi maukonde a asodzi ndi kumene mbalame zimaswana, iziuluka masana okha, ndipo aziitsuka kunsi isanapite ku nyanja ina. Kumene kuli nyama zambiri kapena madzi ochepa, kuletsa kuli bwino, koma chifukwa chake chinenedwe poyera. Ndipo msodzi wa kapenta wa ku Siavonga afunsidwe maganizo ake choyamba, chifukwa iyeyo amadya za m'madzi momwemo.

Zambia ilibe nyanja yamchere, koma madzi ili nawo ochuluka: Kariba, Mweru, Bangweulu, Tanganyika. Ku Bangweulu kuli anthu okhala pazilumba monga Chilubi, ndipo ambiri amafika ku Samfya pa boti. Munthu akadwala mwakayakaya pakachilumba kopanda bwalo la ndege, ndege yotera pamadzi ikhoza kumufikitsa kuchipatala msanga.

Tsono tengani mapu a Zambia m'kalasi mwanu, mupeze nyanja zinayizi. Sankhani imodzi, mukambirane ndi anzanu: mbali iti mungalole ndege kutera, mbali iti mungaikanize, ndipo chifukwa chiyani?