Mafuta a Pansi pa Nyanja: Mau kwa Alimi a ku Makuzi

Inu alimi a ku Makuzi, Bandawe ndi midzi yonse ya m'mbali mwa nyanja ku Chintheche, nkhani ya mafuta munaimva kale. Ena anakuuzani kuti cuma cafika ndipo ana anu onse adzalembedwa nchito. Ena anati nsomba zidzatha caka comweco. Ife alangizi tifunsidwa za nkhaniyi kawiri-kawiri monga momwe tifunsidwira za matenda a cinangwa, cotero nkoyenera kuti tiilongosole bwino.

Lamulo loyang'anira mafuta m'dziko muno linapangidwa m'caka ca 1983. Lamuloli linena kuti mafuta onse a pansi pa nthaka ndi pansi pa nyanja si a mwini munda kapena a mfumu ya dera ai, koma ali m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu onse a Malawi. Kampani yofuna mafuta iyenera kupempha cilolezo kwa Nduna. Zilolezo ziripo ziwiri, ndipo apa mpamene ambiri asokonezeka. Coyamba ndi cofufuza cabe ngati mafuta alipo. Caciwiri ndi cotapa mafutawo ndi kugulitsa. Zimene Boma linapereka zinali zofufuza, ndipo kufikira lero palibe citsime ca mafuta cimene cakumbidwa m'nyanja yathu.

Boma linagawa malo ofufuzamo m'zigawo 6. M'caka ca 2011 kampani ya ku Britain, Surestream Petroleum, inalandira zigawo 2 ndi 3, momwe muli madzi a kuno ku Nkhata Bay. SacOil ya ku South Africa inalandira cigawo 1 mu 2012, ndipo RAK Gas ya ku United Arab Emirates inalandira zigawo 4 ndi 5 mu 2013. Pambuyo pace Surestream inagulitsa gawo lalikuru la cilolezo cace kwa kampani yina, Hamra Oil. Taonani: cilolezo cisintha manja monga ng'ombe pa msika, ndipo amene abwera kudzakulonjezani zabwino lero angathe kukhala osati amene adzakumba mawa.

Zilolezozi zinadzutsanso mkangano wakale. Mu 2012 Boma la Tanzania linati theka la nyanja ya kumpoto ndi lao, pamene Malawi aimirira pa pangano la Angerezi ndi Ajeremani la 1890, loika malire pa gombe la tsidya lija. M'mwezi wa May 2014, patatsala masiku owerengeka kuti anthu aponye voti, mapangano ogawana phindu la mafuta anasainidwa ndi makampani ena. Boma latsopano linaimitsa zilolezo zonse mu November 2014 kuti lione ngati zinaperekedwa molongosoka, ndipo linazimasula mu 2016. Zonsezi zinacitika ku Lilongwe, inu muli kumunda.

Kodi mlimi wa cinangwa nkhani imeneyi imkhudza bwanji? Imkhudza cifukwa ca cikhalidwe ca nyanja yathu. Mitsinje yolowamo ndi yambiri, Luweya, Dwambazi, Rukuru ndi yina, koma woturuka ndi umodzi wokha, Shire, kutali ku Mangochi. Madzi ambiri acoka m'nyanja mouma ndi dzuwa, ndipo amai onse adziwa kuti madzi akauma mu mphika litsiro litsalira momwemo. Kumpoto kwa Nkhata Bay nyanja izama pafupi-fupi mamita 700, ndipo madzi a pansi-pansi alibe mpweya, sasakanizika bwino ndi a pamwamba. Akatswiri awerengera kuti papita zaka mazana ambiri kuti madzi a m'nyanjayi asinthike kudzera mu Shire. Cotayika m'nyanja muno mdzukulu wa mdzukulu wanu adzacipeza. Kumbukiraninso mwera: kuyambira May kufikira August mphepo imeneyi ikankhira pa gombe lathu lino ciri conse coyandama. Pa gombe lomweli mpamene ana asamba, amai atunga madzi ndi kutsuka mbale, abambo aika mabwato ndi kuyanika usipa ndi utaka. Kondowole wopanda nsomba ndani wa ku Chintheche angamkonde?

Ngozi zotere zinacitikadi kwina. Mu 2010 citsime ca kampani ya BP cinaphulika m'nyanja ya mcere ya Gulf of Mexico. Anthu 11 anafa, ndipo mafuta anaturuka masiku 87 asanatseke citsimeco, ngakhale dziko la America liri ndi zombo ndi makina onse. Ku Ogoniland, ku Nigeria, bungwe la United Nations linalemba mu 2011 kuti kuyeretsa nthaka ndi madzi a alimi ndi asodzi kungatenge zaka 25 kufikira 30. Sindinena kuti mafuta ndi oipa okha-okha. Dziko lathu liononga ndarama zambiri kugula petulo ndi dizilo kunja, ndipo mtengo wace mumaumva pogula feteleza. Koma maganizo anga ndi akuti kukumba pakati pa madzi amene timamwa kufunika malamulo olimba koposa a kunyanja ya mcere.

Tsono inu mungacitenji? Lamulo losamala za cilengedwe la 2017 lifuna kuti nchito yaikuru ngati imeneyi isanayambe, payambe pafufuzidwa zimene ingaononge, ndipo anthu okhudzidwa afunsidwe maganizo ao. Msonkhano wotere ukaitanidwa, pitani nonse, amai omwe, musangotumiza mfumu yokha. Pemphani kuti alankhule m'Citonga kapena m'Cicewa. Pofufuza mafuta, combo cimakoka zingwe zazitali ndi kuomba phokoso lamphamvu pansi pa madzi, kuti akatswiri amve mmene libwererera kucokera ku miyala. Cotero funsani kuti combo cidzayenda miyezi iti, asodzi adzaletsedwa malo ati, ndipo ukonde ukang'ambika adzalipira ndani. Funsani ngati adzakumba pamtunda kapena pamadzi. Funsani kuti zida zoletsera mafuta otayika zidzasungidwa kuti, pakuti zida zokhala ku Durban sizingathandize Makuzi tsiku la mwera. Mayankho alembedwe pa pepala, pakhale dzina la woyankha, ndipo pepalalo lisungidwe kwa mfumu. Kuyambira September 2020 lamulo lilola nzika kupempha kuona zikalata za Boma. Komiti ya citukuko ya dera lanu ingathe kulembera kwa a DC ku Nkhata Bay kufunsa ngati pali kampani iri ndi cilolezo pa madzi a kuno, ndi kuti cilolezoco citha liti.

Za malo ndinenepo pang'ono. Akulu-akulu a kuno akumbukira kuti mitengo ya paini ya ku Chikangawa inabzalidwa kuyambira zaka za m'ma 1960 kuti idzapite ku fakitale ya mapepala imene inati imangidwe ku Chintheche. Mitengo inakula, fakitale siinamangidwe. Cotero munthu akabwera kudzagula munda wanu wa m'mbali mwa nyanja namanena za mafuta, musasaine kanthu tsiku lomwelo. Kafunseni kwa mfumu ndi kwa mlangizi, ndipo mbeu ya cinangwa ya caka cino muisunge monga mwa masiku onse.