Thupi Limodzi, Mitolo Itatu

Akuluakulu amati mapanga aŵiri avumbwitsa. Mau ameneŵa amamufika pamtima wachinyamata aliyense amene ali ndi luso pa maseŵera a mitundu iŵiri, pamene sukulu nayonso ikumudikira m'maŵa uliwonse. Nkhani ino ikulongosola za achinyamata akunja amene anayesa kusenza mitolo itatu nthaŵi imodzi, ndiyo mpikisano wa triathlon, liŵiro la m'tchire ndi maphunziro a ukachenjede, ndiponso zimene ana a ku Namwera ndi a m'mbali mwa nyanja ku Mangochi angatolepo.

Triathlon ndi mpikisano umodzi wa zigawo zitatu zotsatizana popanda kupuma. Munthu amayamba ndi kusambira, akavuuka amakwera njinga, ndipo akatsika panjinga amatsiriza ndi liŵiro la miyendo. Mpikisano wa mtundu umenewu monga udziŵikira lero unayambira mu mzinda wa San Diego ku Amereka m'chaka cha 1974, ndipo unaloŵa m'maseŵera a Olimpiki ku Sydney m'chaka cha 2000. Pa Olimpiki opikisana amasambira mamita 1,500, amapalasa njinga makilomita 40, nathamanga makilomita 10. Achinyamata osafika zaka 20 amapikisana pa theka la mitunda imeneyi.

Liŵiro la m'tchire, limene pa Chingerezi amati cross-country, silichitikira m'bwalo losalazidwa ayi, koma m'maudzu, m'zitunda ndi m'matope. M'sukulu za ukachenjede za ku Amereka liŵiroli ndi la timu. Malo amene wothamanga aliyense wamalizira amaŵerengedwa pamodzi ndi a anzake, kotero kuti mmodzi akajomba kapena akabwera wotopa, timu yonse imaloŵa pansi. Nyengo yake imayamba cha mu Sepitembala ndi kutha mu Novembala. Tsono vuto lagona apa: Sepitembala yemweyo ndiye mwezi umene mipikisano ikuluikulu ya triathlon ya achinyamata yakhala ikugwera kaŵirikaŵiri.

Mtsikana wina wa ku Amereka, Taylor Knibb, wobadwa mu 1998, anadutsa m'mpanipani umenewu. Iyeyu anali kuthamangira timu ya liŵiro la m'tchire ya Cornell University pamene anali kuphunzira pasukulupo. M'zaka zomwezo anapambana mpikisano wa triathlon wa achinyamata wa dziko lonse lapansi ku Cozumel mu 2016 ndi ku Rotterdam mu 2017, ndipo mu 2018 anapambananso wa osafika zaka 23 ku Gold Coast. Mipikisano itatu yonseyi inachitika mu Sepitembala, sukulu zitatsegula kale. Maphunziro ake anawatsiriza mu 2020, ndipo pambuyo pake analandira mendulo ya siliva pa mpikisano wopatsirana wa matimu pa Olimpiki ya ku Tokyo mu 2021 ndi ya ku Paris mu 2024.

Kodi zimatheka bwanji? Yankho lili m'mene thupi la munthu limagwirira ntchito. Pothamanga, phazi likamenya pansi mwendo umalandira kulemera koposa kaŵiri kulemera kwa thupi lonse, ndipo izi zimachitika kambirimbiri pa kilomita iliyonse. Posambira madzi ndiwo amanyamula thupi, ndipo popalasa njinga chishalo ndicho chimanyamula. Motero wosambira ndi wopalasa amalimbitsa mtima ndi mapapo popanda kupweteka mafupa. Wothamanga amene amachitanso ziŵirizi angathe kuchepetsa makilomita a miyendo koma mpweya wake osatsika. Apa maseŵera aŵiriŵa amathandizana.

Koma pali pena pamene amalimbana. Mtima ndi mapapo zimazoloŵera ntchito yolemetsa m'milungu yoŵerengeka, pamene mafupa ndi mitsempha zimatenga miyezi. Wachinyamata amene akumva kuti mpweya ali nawo wambiri amakopeka kuonjezera liŵiro msanga, mpaka fupa la msongolo kapena la phazi limachita mng'alu waung'ono umene umamukhazika pansi kwa milungu yambiri. Chinanso n'chakuti mphamvu sizimakula pa nthaŵi yolimbitsa thupi, koma pa nthaŵi yopuma ndi kugona. Wa zaka zosafika 19 amafunika tulo ta maola 8 mpaka 10, ndipo tulo tomweto ndi timene wophunzira amayamba kudula mayeso akayandikira. Chifukwa chake aphunzitsi a maseŵera odziŵa ntchito amagaŵa chaka m'zigawo: nyengo ina mpikisano umodzi ndiwo umatsogola, winawo nungokhala wothandizira, ndipo pakati pake amaikapo masiku opuma.

Si onse amene amasenza mitolo yonse mpaka pamapeto. Mnyamata wina, Lukas Verzbicas, anapambana mpikisano wa triathlon wa achinyamata wa dziko lonse ku Beijing mu 2011, chaka chomwecho chimene analoŵa timu ya liŵiro ya University of Oregon. Atathamangira timuyo mipikisano yoŵerengeka chabe, anachoka kuti aike mtima wonse pa triathlon. Mu 2012 anavulala kwambiri atagwa panjinga poyeserera. Ngozi yotere ingagwere aliyense, koma imakumbutsa kuti moyo wa mpikisano ungasinthe tsiku limodzi, pamene zimene munthu waphunzira m'kalasi zimakhala naye.

Dziko la Malaŵi nalo lili ndi umboni wakuti luso limaoneka munthu akali wamng'ono. Catherine Chikwakwa anathamanga mamita 5,000 pa Olimpiki ya ku Sydney mu 2000 ali ndi zaka 15, ndipo mu 2004 anatenga mendulo ya siliva pa mtunda womwewo pa mpikisano wa achinyamata wa dziko lonse ku Grosseto, m'dziko la Italy.

Tsono boma la Mangochi lili ndi zonse zitatu zimene triathlon imafuna. Ana a m'midzi ya asodzi m'mbali mwa nyanja ya Malaŵi ndi ya Malombe amadziŵa kusambira asanayambe sukulu. Mseu wochoka ku Mangochi, kuoloka Shire, kukwera chitunda cha Chowe mpaka ku Namwera, mtunda wake sukusiyana kwenikweni ndi wa chigawo cha njinga cha pa Olimpiki, ndipo anyamata a kabaza m'bomali amapalasa tsiku lonse atanyamula anthu ndi katundu. Ku Namwera kwenikweniko, kumene kuli kokwera ndi kozizirirapo kuposa kunyanja, njira za m'minda ndi m'zitunda zimene ana amadutsa popita kusukulu ndizo bwalo lenileni la liŵiro la m'tchire.

Komabe dera lomwelo lili ndi zofunika kusamala. Mu Shire ndi m'malo a bango muli ng'ona ndi mvuu, m'madzi odikha okhala ndi nkhono muli likodzo, ndipo mwera ukaomba m'miyezi yozizira mafunde amakula. Posambirira pasankhidwe ndi akuluakulu odziŵa madziwo, ndipo munthu asamasambire yekha. Amene wangochira malungo asafulumire kubwerera ku liŵiro. Thupi logwira ntchito zitatu limafuna chakudya chokwanira, monga nsima ya mgaiŵa, usipa, nyemba, nandolo, mtedza ndi masamba, makamaka kwa atsikana, amene magazi amawachepera msanga. M'mabanja a Chisilamu, amene ndi ochuluka ku Namwera, mwezi wa Ramadani uyenera kuloŵa m'ndondomeko ya chaka monga nyengo yochepetsa ntchito yolemetsa masana.

Makolo, aphunzitsi a m'kalasi ndi aphunzitsi a maseŵera a mwana mmodzi ayenera kukhala pansi chaka chisanayambe, kalendala ili patsogolo pawo, ndi kugwirizana kuti mwezi uno chotsogola ndi chiti. Mayeso a Fomu 4 akayandikira, njinga ndi liŵiro zichepe. Ana aluso ambiri amagwa chifukwa chakuti wamkulu aliyense amakokera mwanayo kwake osafunsa kuti winayo wamupatsa ntchito yanji dzulo. Paja ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.