Mankhwala othira mu petulo: ena amathandiza injini, ena amangodya ndalama

ULÓNGUÈ — Mvula ikatha, alimi a m'madimba a ku Angónia ndi Tsangano amatulutsa mapampu awo a petulo amene anagona m'nyumba dzinja lonse, ndipo ambiri amapeza kuti injini ikukana kulira pamene mbatata ndi tomato zikufuna madzi. Ndi nthawi ngati imeneyi pamene munthu amakopeka ndi timabotolo ta mankhwala othira mu thanki, timene timagulitsidwa m'masitolo a zipangizo za njinga zamoto m'matauni a m'malire monga Ulónguè ndi Zóbuè, ngakhalenso kutsidya ku Dedza.

Timabotoloti timalonjeza zambiri: kutsuka injini, kuifewetsa, kuiwonjezera mphamvu ndi kuchepetsa kamwedwe ka mafuta. Mawu ake amalembedwa m'Chingerezi kapena m'Chipwitikizi, motero wogula amangodalira pakamwa pa wogulitsa. Koma mankhwalawa ali m'magulu awiri osiyana kwambiri. Ena ntchito yawo ndi kufewetsa zitsulo kuti zisadyane, ena ndi kutsuka litsiro. Amene wagula gulu lina pofuna ntchito ya gulu linalo wataya ndalama, mwinanso waononga injini.

Asanagule chilichonse, mwini injini adziwe kaye ngati ili ya 2T kapena ya 4T, zimene pa Chipwitikizi amati dois tempos ndi quatro tempos.

Injini ya 2T ilibe malo osungira oyilo pansi pake. Pisitoni ndi mabelingi ake zimafewetsedwa ndi oyilo amene amalowa pamodzi ndi petulo n'kupsera limodzi. Macheka a injini odulira mitengo, makina omwetera udzu, majenereta ena aang'ono ndi injini zina za maboti ndi za mtundu umenewu. Njinga zakale za Yamaha DT 125 ndi AG 100, zimene alangizi a zaulimi ankayendera, nazonso ndi za 2T, kungoti zili ndi kathanki kapadera ka oyilo ndi kapampu kosakaniza kokha. Kwa injini zoterezi oyilo wa 2T si mankhwala ongowonjezera ayi. Ikayenda ndi petulo wopanda oyilo, pisitoni imatentha n'kumamatira m'kanthawi kochepa.

Muyeso ndiye nkhani yaikulu. Makampani a Stihl ndi Husqvarna amalangiza 50:1 pa macheka awo, kutanthauza mamililita 20 a oyilo pa lita imodzi ya petulo, kapena mamililita 100 pa chigubu cha malita 5. Injini zina zimafuna 25:1, amene ndi mamililita 40 pa lita. Nambala imeneyi kawirikawiri imalembedwa pa chitsekerero cha thanki kapena m'kabuku ka injiniyo. Kuyeza ndi maso ndiko kumapha macheka ambiri. Sirinji yatsopano yogula ku famasi imayeza bwino kuposa dzanja la munthu aliyense. Oyilo akachuluka, utsi umachuluka, pulagi (ena amati vela) imada ndipo payipi ya utsi imatsekeka ndi mwaye. Akachepa, chitsulo chimadya chinzake.

Pa botolo la oyilo wa 2T wodalirika pamakhala zilembo za JASO FB, FC kapena FD, amene ndi mayeso a ku Japan. FC ndi FD amatulutsa utsi wochepa, ndipo FD ndi amene amasiya injini yoyera kwambiri. Zilembo za TC-W3 ndi za injini za maboti zoziziritsidwa ndi madzi, osati za macheka. Chizolowezi chosakaniza petulo ndi oyilo wa galimoto, makamaka wakuda wotsanulidwa mu injini ina, ndi choipa kwambiri: oyilo ameneyu sanapangidwe kuti azipsa, amasiya phulusa, ndipo wakale uja amakhala ndi tizitsulo tosaoneka ndi maso.

Nkhani ndi ina pa injini ya 4T. Njinga zambiri zonyamula anthu ndi katundu masiku ano, monga Bajaj Boxer ndi Lifan, komanso mapampu ambiri a m'dimba ndi magalimoto onse a petulo oyenda m'misewu muno, ndi za 4T. Izi zili ndi oyilo wakewake pansi pa injini, amene amasinthidwa nthawi ikakwana. Sizifuna oyilo mu petulo. Anyamata ena oyendetsa njinga amathira kachitsekerero ka 2T mu thanki, amati njinga izilira mofewa. Kachitsekerero kamodzi sikapha injini tsiku lomwelo, koma phindu lake palibe wopanga njinga amene amalilonjeza, pamene mwaye wa pa pulagi ndi pa mavalavu umaoneka ndi maso. Pa galimoto za makono chizolowezichi chikhoza kuononganso chipangizo chodula choyeretsa utsi chimene chimakhala mu payipi.

Chikhulupiriro chakuti petulo ndi "wouma" chili ndi pochokera. Kwa zaka zambiri petulo ankathiridwa mtovu wa mtundu wa lead, umene mphamvu yake inatulukiridwa ku kampani ya General Motors mu 1921. Mtovuwu unkaletsa injini kugogoda ndipo unkateteza pamene mavalavu amakhalira. Koma unali poizoni, makamaka ku ubongo wa ana. Mayiko a ku Africa kumwera kwa chipululu cha Sahara anagwirizana ku Dakar mu 2001 kuti ausiye, nausiyadi pofika Januwale 2006, ndipo dziko lomaliza pa dziko lonse linali Algeria mu 2021. Mankhwala olowa m'malo mwa mtovu alipo, koma ndi a magalimoto akale kwambiri okhaokha. Njinga kapena pampu yogulidwa zaka zino inapangidwira petulo wopanda mtovu, siyisowa kanthu.

Gulu lachiwiri ndi la mankhwala otsuka. Maina monga STP, Wynn's, Liqui Moly ndi Redex amadziwika m'mayiko ambiri, koma dzina lokha silinena zonse, chifukwa kampani imodzi imapanga mitundu yambiri. Chofunika ndi chimene chili m'kati. Mankhwala amene akatswiri a mafuta amawaona kuti ndi amphamvu pa kutsuka ndi a PEA, amene kampani ya Chevron imagwiritsa ntchito mu Techron. Awa sapsa msanga, motero amafika mpaka pamutu pa pisitoni. A PIBA amatsuka bwino kabureta ndi mavalavu olowetsa mafuta, koma m'chipinda chopsera moto sathandiza kwenikweni. Timabotolo tina totsika mtengo timangokhala ndi madzi osungunulira ofanana ndi parafini, othiridwa mtundu ndi kafungo.

Otsuka abwino amagwiradi ntchito, koma ntchito yake ndi imodzi: kusungunula pang'onopang'ono utomoni ndi mwaye pamene injini ikuyenda. Injini imene yakaniratu kulira siyingatsukidwe ndi mankhwala a mu thanki, pakuti kabowo ka jeti kakatsekeka mankhwalawo alibe podutsa. Pamenepo pamafunika makaniko amasule kabureta. Ndiponso botolo limodzi nthawi zambiri limayezedwera thanki ya galimoto ya malita 40 kapena kuposa apo. Wothira lonse mu thanki ya njinga ya malita 10, kapena ya pampu ya malita atatu, wapyola muyeso kangapo konse.

Za kuchepetsa kamwedwe ka mafuta ndiye zovuta kuzikhulupirira. Bungwe la boma la America loona za chilengedwe, la EPA, linayesa zipangizo ndi mankhwala oposa 100 onenedwa kuti amapulumutsa petulo, ndipo silinapeze chilichonse chosintha kamwedweko kwambiri. Injini yakuda ikatsukidwa imabwerera pa kamwedwe kake kakale, basi. Imene ikutulutsa utsi wabuluu chifukwa maringi a pisitoni anatha ikufuna maringi atsopano.

Pali zina zimene anthu amathira chifukwa anangomva kwa anzawo. Timibulu toyera tothamangitsira njenjete m'zovala timatha kutseka jeti. Parafini amafooketsa petulo, injini imagogoda n'kutentha, ndipo wosapsayo amatsikira pansi n'kusukulutsa oyilo. Mankhwala oterera othira mu oyilo wa injini nawo ndi oopsa pa njinga, chifukwa kilachi yake imasamba mu oyilo yemweyo ndipo imayamba kuterera. Oyilo woyenera njinga ya 4T ndi wa zilembo JASO MA.

M'madera a m'malire muno, mdani wamkulu wa injini si kusowa kwa mankhwala koma petulo weniweniyo ndi mmene amasungidwira. Midzi yambiri ili kutali ndi pothirira mafuta, ndipo petulo amagulidwa m'mabotolo pamsewu atadutsa m'zigubu zingapo. M'njiramo amatola fumbi, dzimbiri ndi madzi. Madzi ndi olemera kuposa petulo, motero munthu akathira mu botolo loonekera n'kudikira mphindi zochepa, amawaona atakhala pansi. Mankhwala ochotsa madzi amangotha kumwa timadontho tochepa. Madzi akaoneka ndi maso, njira ndi kukhuthula thanki.

Amene amagula petulo mbali ya Malawi adziwenso kuti dzikolo linayamba kusakaniza petulo ndi ethanol mu 1982, wopangidwa ku Dwangwa kuchokera ku zotsalira za nzimbe. Petulo wotere amayenda bwinobwino akakhala watsopano, koma ethanol amakoka chinyezi cha mu mpweya, ndipo amatha kukokolola litsiro lakale la mu thanki n'kulipititsa ku kabureta. Sayenera kugonekedwa miyezi m'chigubu chosatseka bwino.

Apa ndi pamene pali vuto la mapampu okana kulira aja. Petulo wosiyidwa mu kabureta kuyambira Novembala mpaka Meyi amauma n'kusiya utomoni wofiirira m'timabowo. Alipo mankhwala oteteza petulo kuti asaonongeke msanga, ndipo amathandiza akathiridwa petulo adakali watsopano, osati ataonongeka kale. Koma mlimi akhoza kupewa vutoli osagula kanthu. Tsiku lomaliza kuthirira, atseke kampopi ka mafuta n'kuisiya injini ilire mpaka izime yokha, kenako amasule kabawuti kapansi pa kabureta kuti totsala tituluke, akhuthule thanki ndi kusintha oyilo asanaisunge pampuyo pouma. Pothira petulo, asefe ndi kansalu koyera kopanda ubweya pa fanelo, ndipo sefa ya mpweya aziitsuka kawirikawiri m'miyezi ya fumbi.

Azaumoyo amachenjezanso kuti petulo ndi mankhwala onsewa ndi poizoni. Asamakokedwe ndi pakamwa pa payipi, ndipo asamasungidwe m'mabotolo a zakumwa pamalo ofikira ana. Mwana akamwa, asamusanzitse, chifukwa mafutawo akalowa m'mapapo ndi pamene amapha. Athamangire naye kuchipatala atatenga botololo.