Mano a Dracula ndi Jakisoni wa Amunyama

M'mwezi wa February chaka cha 2020, pamene mbiri ya anthu opopera gasi m'nyumba, imene idayambira ku Chingola, idafika m'makomboni a Lusaka, ndidagona masiku angapo kwa azakhali anga ku Chawama, ngati kukhala tsonga usiku wonse kungatchedwe kugona. Amuna adali panja, atazinga mbaula ndi zibonga m'manja. Amayi adali m'nyumba, atatseka mipata ya kunsi kwa zitseko ndi zitenje zonyowa, aliyense poto ndi mthiko zili pambali, kuti akamva kafungo kachilendo aimbe potoyo kufikira komboni yonse itadzuka. Ine, pofuna kuingitsa tulo, ndidali kuwerenga pa foni buku la Dracula, limene Bram Stoker adatulutsa mu 1897, ndipo nditawafotokozera azakhali nkhani yake, iwo adandipenyetsetsa nati, "Mwanawe, munyama wakoyo ngwopusa. Magazi onsewo angomwa yekha, osagulitsako?"

Wopopa magazi wa ku Ulaya ndi munthu wakufa amene manda adamkana. Adayambira m'midzi ya alimi, monga ku Serbia, kumene mu 1725 anthu adafukula mtembo wa Petar Blagojević naukhoma chikhomo pamtima. Koma alembi a mabuku atamtola, adamsambitsa, namveka zovala zaufumu, namlowetsa m'nyumba za olemera. John Polidori, mu 1819, adampatsa dzina la Lord Ruthven, mwamuna waulemu ndi wamawu okoma amene anamwali sankatha kumkana; Sheridan Le Fanu, mu 1872, adamsandutsa mkazi, Carmilla, wokonda namwali mnzake Laura ndi chikondi chimene chimayamwa moyo wa wokondedwayo; ndipo Stoker adatipatsa mfumu ya ku Transylvania, yogula nyumba ku London, yofika pa doko la Whitby ndi mabokosi 50 a dothi la kwawo. Onsewa ludzu lawo ndi la thupi lawo lomwe, ndipo sagwirira ntchito munthu.

Wowerenga Dracula mofatsa aona msanga kuti chimene Angerezi a masiku a Mfumukazi Victoria ankaopa si imfa kwenikweni, koma kuti mlendo angawalande akazi, ndi kuti akaziwo, atalawa za mlendoyo, angaleke kukhala ofatsa. Lucy Westenra, amene amuna atatu adamfunsira tsiku limodzi, ndiye woyamba kulumidwa. Atamwalira adzuka ali wokopa ndi wosaopa mwamuna, nayamba kugwira tiana m'malo mwa kutilera, ndipo chilango chake ndi chikhomo chokhomedwa ndi bwenzi lake lomwe, Arthur Holmwood, anzake ali chilili kumlimbitsa mtima. Mina Harker, mkazi wa nzeru amene adasonkhanitsa makalata onse nawatayipa kuti mdani adziwike njira zake, amuna aja adamuuza kuti atsale kunyumba popeza nkhondo si ya akazi, ndipo m'kutsala momwemo ndi mmene Dracula adampezera. Sindidziwa ngati Stoker adazindikira kuti pamenepa adawatsutsa yekha ngwazi zake. Koma amayi a ku Chawama, amene sadapemphe chilolezo kwa mwamuna kuti alondere nyumba zawo, akadaseka msonkhano wa abambo aja.

Pali malo amodzi m'bukumo pamene njira yathu ndi yawo zipatukana poyera. Lucy atafooka, sing'anga Van Helsing atulutsa zipangizo zake, natunga magazi a amuna anayi, mmodzi mmodzi, kuwathira m'mitsempha ya namwaliyo, zaka zochepa Karl Landsteiner asanatulukire kuti magazi ali ndi magulu; ndipo kwa Mngerezi, chubu chija ndi singano yake ndizo chipulumutso, dotolo ndiye mngelo. Kwa agogo athu a ku Northern Rhodesia, chubu chomwecho ndicho chidali mano a chilombo.

Amunyama, amene Abemba amati banyama, mbiri yawo idamveka kuyambira m'ma 1930, ndipo Mwelwa Musambachime, katswiri wa mbiri yakale wa dziko lino, ndi Luise White, m'buku lake la mu 2000, adailondola bwino. Munyama sadali mzukwa. Adali munthu wamoyo, kawirikawiri wakuda mnzathu, wolembedwa ntchito ndi Mzungu, woyenda ndi galimoto ndi mankhwala ofoola nkhongono, wogwira anthu panjira kuti magazi awo akapangire mankhwala kapena chuma kutali. Ankaganiziridwa ndi oyang'anira nyama zakuthengo, antchito othana ndi ntchentche za kashembe, ngakhale ansembe a White Fathers. Ndipo pa mkangano wa chitaganya cha 1953, anthu a bungwe la Capricorn Africa Society, oganiziridwa kuti ali kumbali ya Azungu, adatchedwa amunyama. Kodi tingawanene kuti adali mbuli anthu amene ankaona ana awo aamuna akupita ku migodi ali ojintcha, nabwerako ali mafupa okhaokha akutsokomola, kapena osabwerako konse? Malembo adawaphunzitsa, m'buku la Levitiko, kuti moyo ukhala m'mwazi; ndipo poona moyo ukutuluka m'mudzi kupita kwa eni chuma, adautchula ndi dzina lokhalo limene adali nalo. Motero pamene Mngerezi ankalirira khosi la namwali, ife tinkalirira mphamvu za mwamuna wantchito.

Munyama asiyananso ndi mfiti, pakuti mfiti, monga adziwa Mchewa aliyense, imadya pachibale, ndipo mlandu wake ukambidwa pakati pa anthu odziwana maina. Koma munyama ndi wobwera, wopanda mbumba pakati pathu, ndipo palibe mwinimbumba womuimira pa bwalo. Apa ndipo pagona tsoka. Makolo adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, nchifukwa chake asamalidwe. Koma mantha akalowa m'komboni, mmene alendi asinthana zipinda mwezi ndi mwezi ndipo woyandikana naye sumdziwa kwawo, aliyense asanduka mlendo wokayikitsa. Mu April 2016, mitembo itapezeka yochotsedwa ziwalo ku komboni ya George mu Lusaka ndi madera oyandikana nawo, mkwiyo udagwera eni mashopu ochokera ku Rwanda, amene katundu wawo adafunkhidwa, ndipo ku Kanyama anthu awiri adatenthedwa amoyo. Mu 2017, ku Mulanje ndi ku Phalombe m'dziko la Malawi, mbiri ya anamapopa idaphetsa anthu, kotero kuti bungwe la United Nations lidachotsako antchito ake. Ndipo mu 2020 muja, anthu makumi angapo adaphedwa ndi makamu m'Zambia, ena a iwo odwala misala kapena osokera njira chabe.

Azungu chilombo chawo adachiweta kalekale. Chidaoneka pa kanema mu 1922, m'filimu ya Nosferatu, chili ndi makutu osongoka ndi zala ngati za kabawi. Pofika mu 2008, m'filimu ya Twilight, chidali chitasanduka mnyamata wokongola wa kusukulu, amene atsikana a ku Matero ndi ku Kalingalinga adamuonera pa ma DVD a pamsika namsirira. Chathu sichidazolowere munthu, ndipo palibe namwali adachilotapo. Chimangosintha galimoto ndi chipangizo, jakisoni dzana, botolo la gasi lero, bwana wake ali chibisalire.

Kutacha, azakhali adatenga poto uja, atapindika ndi mthiko kunsi kwake, namuteleka pa mbaula kuti aphike phala. Ali mkati movundula adandifunsa, "Nanga mkazi wa mataipi uja adachira?" Ndidati adachira, azakhali, ndipo adabala mwana wamwamuna. "Nanga adamupha mlendoyo aja, boma lidawamanga?" Ndidati iyayi, adabwerera kwawo mwaulemu. Iwo adangoti "Hmm," nandituma kukagula shuga pa kantemba.