UTOTO WA NSALU WOCHOKERA M'MITENGO NDI M'MATOPE

Ku Kawale, ku Biwi ndi ku Area 25 mu Lilongwe kuli amayi amene apeza ndalama ponyika nsalu. Agula nsalu yoyera, naimanga mfundomfundo ndi ulusi, naiviika mu utoto. Pomasula, pamene panali mfundo patsala maluwa oyera. Utoto wakewo ngwa m'sitolo, wochokera kunja, ndipo udya gawo lalikulu la phindu lao. Ambiri a iwo sadziwa kuti anthu a dziko lino ankanyika zovala sitolo zisanabwere.

Kale Achewa ankavala chiwondo, chimene ena achitcha nyanda. Mwamuna ankasenda khungwa la mombo, nachotsa chikamba chakunja, nasasantha luzi lam'kati pa chipika kufikira litafewa ndi kutambasuka. Wofuna chiwondo chakuda ankachikwirira m'matope akuda a kudambo. Kuchigwa cha Shire kunali Amang'anja, eni thonje. David Livingstone atafika kumeneko mu 1859 anapeza anthu alikupota thonje ndi kuomba nsalu m'midzi yambiri, ndipo analemba kuti anali ndi thonje la manga, lochokera kunja, ndi thonje la kaja, la eni dziko. Nsalu yaoyo, yotchedwa machila, inkagulidwa mpaka ku Zambezi. Koma merikani ndi biriwita za amalonda zitachuluka, zotchipa ndi zosatopetsa, ntchito ija inazilala. Pamene fakitale ya David Whitehead inkatsegulidwa ku Blantyre mu 1967, oomba nsalu a m'midzi anali atatha kale.

Kodi matope adetsa bwanji chovala? Si dothi lokha ai, pakuti dothi lichoka pochapa. M'makungwa a mitengo yambiri muli madzi owawa, onga aja amene amanga m'kamwa munthu akamwa tiyi wowirira. M'matope a kudambo muli chitsulo. Ziwirizi zikakumana m'kati mwa luzi zisanduka utoto wakuda umene sutuluka msanga. Aphunzitsi angathe kuonetsa ana a sukulu chinthu chimenechi popanda kutaya ndalama: aponye misomali yadzimbiri m'botolo la tiyi wopanda mkaka, ndipo pakapita nthawi tiyiyo adzada bii.

Ku Thailand, dziko la ku Asia, anthu a m'midzi sanaitaye nzeru yotere. Kumpoto cha kum'mawa kwa dzikolo, m'zigawo monga Khon Kaen ndi Surin, amayi aweta mbozi za silika m'malichero. Chakudya chake ndi masamba a mabulosi, mtengo womwewo umene ana a ku Chinsapo ndi ku Mgona aukwera nabwerako milomo ili psuu. Mbozi ikadya pafupifupi milungu inai idzikulunga m'chikwa chachikasu. Zikwazo aziponya m'madzi otentha, nasolola ulusi wa zikwa zingapo pamodzi kuti ukhale umodzi wolimba. Ulusiwo auphika m'madzi a phulusa, ndiwo chidulo chomwechi chimene amayi a kuno athira m'therere, kuti uchoke ulimbo nufewe.

Ponyika, mtundu wobiriwira ngati thambo autenga ku masamba a indigo ovunditsa mumtsuko; wachikasu ku mtima wa mtengo wa jackfruit; wofiira ku ulimbo wa tizilombo totchedwa lac; wakuda ku zipatso za mtengo wina wa kwao, ndipo midzi ina iviikanso nsalu m'matope. Iwonso amanga mfundo monga amayi a ku Kawale, koma amanga ulusi usanaombedwe, kotero kuti maluwa aoneka pokhapokha nsalu ilikuombedwa. Ntchito imeneyi aitcha mudmee. Nayonso inali pafupi kufa chifukwa cha nsalu za m'mafakitale. Anaiutsa ndi ogula: Jim Thompson wa ku America, amene anayamba kampani yogulitsa silika kunja mu 1948, ndi Mfumukazi Sirikit, imene inakhazikitsa bungwe lothandiza amisiri a m'midzi mu 1976.

Kuweta mbozi si chinthu chothamangira, pakuti chifuna mazira ake, nyumba yopanda nyerere ndi msika wodziwika. Koma kunyika angakuyese mai ali yense. Makoko a anyezi amene asesedwa pamsika wa Kawale apatsa mtundu wachikasu. Njere za mapeyala zophwanya ndi kuphika zipatsa wofiirira pang'ono. Zipatso za mabulosi nzonyenga: utoto wake ukongola tsiku loyamba, koma usuluka ndi dzuwa. Ndipo thonje siligwira utoto msanga monga silika. Nsalu iyenera kuyamba yachapidwa bwino m'madzi otentha, kenaka iphikidwe m'madzi a tiyi kapena a makungwa isanalowe mu utoto, ndi kuyanikidwa pamthunzi.

Pa za makungwa pafunika chenjezo. Mtengo wosendedwa khungwa kuzungulira thunthu lonse ufa, ndipo mibawa ndi milombwa yatsala pang'ono m'madera ozungulira Lilongwe. Ngakhale nkhalango ya Dzalanyama yaonongeka ndi ootcha makala. Wofuna makungwa apite kwa akalipentala ndi ocheka matabwa, kumene makungwa ndi utuchi zingotayidwa, akapemphe thumba limodzi, nayambe kuyesa pa kansalu kakang'ono asanaike chitenje chonse mumphika.