Malaya oyera, nsapato zafumbi: zaka ziwiri za mmishonale wachinyamata

Basi yochokera ku Lusaka ikaima pachipata cha Mwami-Mchinji, anthu amatsika ali ofooka, ena atasenza zikwama za malonda, ena ana kumsana. Pachigulupo nthawi zina pamaoneka anyamata awiri ovala mofanana: malaya oyera, tayi ndi kabaji kakuda pachifuwa kolembedwa dzina lawo ndi mawu akuti Elder. Awiriwa sasiyana. Wina akalowa kukadinditsa pasipoti, mnzake ali pambuyo.

Ambirife timangowatchula kuti a Mormon. Ena amawayesa ogwira ntchito kubungwe, ena amati ndi ana a mpondamatiki odzaona dziko. Koma anyamatawa ndi amishonale a Mpingo wa Yesu Khristu wa Oyera Mtima a Masiku Otsiriza, ndipo moyo umene amakhala ndi wokhwima kusiyana ndi mmene malaya awo amaonekera.

Mpingowu adauyambitsa ndi Joseph Smith pa 6 April 1830 m'chigawo cha New York ku America, ndipo likulu lake lili ku Salt Lake City. Kuno kwathu udayamba kuzika mizu m'zaka za m'ma 1990. Mu 2011 udatsegula ofesi ya amishonale ku Lusaka yomwe idapatsidwa maiko a Zambia ndi Malawi. Kuyambira pamenepo, mnyamata wotumikira ku Lusaka ankatha kuuzidwa kuti alongedze apite ku Lilongwe, ndipo msewu wake ndi womwewu wodzera ku Chipata ndi Mchinji.

Ulendo umayamba ndi kalata

Mmishonale sasankha yekha kopita. Amalemba mafomu, kuyezedwa kuchipatala ndi kufunsidwa mafunso ndi atsogoleri a mpingo za chikhulupiriro ndi khalidwe lake. Akatero amadikira kalata yochokera kulikulu, ndipo komwe kalatayo yanena ndiko amapita, kaya ndi ku Ghana, ku Uganda kapena ku Zimbabwe.

Mu 2012 mtsogoleri wa mpingowu panthawiyo, Thomas S. Monson, adalengeza kuti anyamata atha kunyamuka akakwanitsa zaka 18. Mnyamata amatumikira zaka ziwiri, pomwe mtsikana, yemwe amatchedwa Sister, amatumikira miyezi 18. Asanayambe ntchito amaphunzitsidwa kwa masabata ochepa, ndipo ambiri a mu Africa muno amakaphunzira kusukulu ya amishonale ya ku Accra.

Malipiro palibe. Ndalama zodyera ndi zoyendera zimachokera kwa iye mwini, kubanja lake ndi ku zopereka za mamembala anzake. Apa ndipo pagona nkhani kwa kholo la ku Kamwendo, Mkanda kapena Kapiri. Mwana wa zaka 18 ndi amene wangolemba kumene mayeso a Fomu 4. Ndi amene amathandiza kukumba mtedza, kumenya soya ndi kupalasa njinga kupita kumsika. Kumulola apite ndiye kuti manja awiri achoka pakhomo kwa dzinja ziwiri, ndipo sukulu yayamba yaima.

Komabe kupereka mwana ku ntchito ya Mulungu si chachilendo ku Mchinji. Seminale ya Kachebere, kufupi ndi malire, yakhala ikulandira anyamata ofuna unsembe wa Chikatolika kwa zaka zambirimbiri. Kusiyana kwake n'kwakuti wansembe amadzipereka moyo wonse, pomwe mmishonale wa kabaji kakudayu zaka zake zikatha amavula bajiyo, n'kubwerera kusukulu kapena kuntchito, n'kudzakwatira ngati wina aliyense.

Tsiku lake limayenda chonchi

Amadzuka mbandakucha, m'madera ambiri 6:30 isanapitirire. Amagwada kupemphera, kenako kulimbitsa thupi, kusamba ndi kudya. Akatero amakhala pansi kuwerenga Baibulo ndi Buku la Mormon, poyamba payekha, kenako ndi mnzake uja. Ali ndi buku lowatsogolera pa kaphunzitsidwe lotchedwa Preach My Gospel, lomwe lidatuluka koyamba mu 2004. Wochokera kunja amawonjezerapo nthawi yophunzira chilankhulo, chifukwa Chingerezi chokha sichingamufikitse kutali pakhonde la agogo.

Dzuwa likakwera, ulendo wayamba. Kuyenda kwake n'kwapansi kapena paminibasi, m'fumbi la mu October ndi m'matope a mu January. Pakhomo lina akati "Odi!" amawayalira mphasa. Pakhomo lina mayi amangoyankha ali kumoto kuti "ife tili ndi mpingo wathu kale." Pena amapangana ndi bambo kuti adzabwere Lachinayi, koma tsikulo amapeza chitseko chili chokhoma, mwini wake wapita kumaliro kapena wangozemba.

Madzulo amabwerera kunyumba yalendi, kuphika okha, kukonza za mawa ndi kugona. Mnyamata amene kwawo ankangopeza nsima ili patebulo amaphunzira kugwira mthiko. Ndalama ya mwezi akaithera mandasi sabata yoyamba, palibe amalume oti awalirire.

Tsiku limodzi pasabata, kawirikawiri Lolemba, ndi lochapa, kugula zakudya ndi kulankhula ndi akumudzi. Kale mmishonale ankaimbira foni makolo ake kawiri kokha pachaka. Mu February 2019 mpingo udasintha lamuloli, ndipo tsopano amatha kulankhula nawo sabata iliyonse. Koma chibwenzi, mafilimu ndi kuchezera mpira pakanema, zonsezo amazisiya mpaka atamaliza.

Mnzako sumusankha

Chimene chimasula anyamatawa kwambiri si dzuwa kapena njala, koma mnzawo. Lamulo ndi lakuti awiriwa azikhala limodzi nthawi zonse, moonana ndi momvana. Mnzakoyo sumusankha. Atha kukhala wa ku Utah amene sanaonepo chimbudzi chokumba, kapena wa ku Congo amene amathira tsabola m'ndiwo zilizonse. Wina ndi waulesi podzuka, wina ndi wolongolola, wina sachedwa kupsa mtima.

Kothawira kulibe. Mukayambana m'mawa, masana muyenera kukhala pamphasa imodzi kuphunzitsa banja za kukhululuka. Apa mnyamata amazindikira kuti kulalikira chikondi n'kosavuta kusiyana ndi kupepesa munthu amene wadya dzira lako lomaliza. Pakatha pafupifupi masabata asanu ndi limodzi aliwonse, akuluakulu amatha kuwasintha malo kapena kuwapatsa anzawo atsopano, ndipo sukulu ya kuleza mtima imayambiranso.

Mafunso amene amakumana nawo

Amalawi sitisowa mafunso, ndipo ena amakhala obaya. Loyamba ndi la mitala. Zoona zake n'zakuti mpingowu udalolapo mitala m'zaka za m'ma 1800, koma mu 1890 mtsogoleri wake Wilford Woodruff adalengeza kuti mchitidwewu uthe. Lero membala wokwatira mitala amachotsedwa.

Lachiwiri ndi lopweteka kwambiri kwa mmishonale wachikuda. Kwa zaka zoposa 100 mpingowu sunkalola amuna akuda kulandira unsembe, mpaka mu June 1978 pomwe Spencer W. Kimball adachotsa chiletsocho. Mnyamata wa ku Malawi kapena Zambia akafunsidwa za nkhaniyi sangayankhe ndi mawu oloweza pamtima. Ayenera kuti adalimbana nayo yekha mumtima mwake, atagwada.

Palinso lamulo la zaumoyo la mu 1833, lomwe limaletsa mowa, fodya, tiyi ndi khofi. Taganizirani kuphunzitsa zimenezi m'boma ngati la Mchinji, pakhomo pomwe chigafa cha fodya ndicho chimalipira fizi ya ana. Taganiziraninso mayi wakufulira tiyi wamkaka ndi shuga wake womaliza, iwe n'kukana. Pamafunika ulemu ndi kusankha bwino mawu kuti mwini khomo asaone ngati wanyozedwa.

Ngakhale dzina lakuti Mormon lili ndi nkhani yake. Mu 2018 mtsogoleri wa panthawiyo, Russell M. Nelson, adapempha kuti anthu azitchula dzina lonse la mpingo, poti dzina la Yesu Khristu lisamasowemo.

Kukula kumene sikuoneka ndi maso

Ambiri amanyamuka kwawo ali ndi maloto obatiza midzi yathunthu. Miyezi ingapo ikadutsa amapeza kuti sabata yonse itha kutha popanda ndi mmodzi yemwe wofika kutchalitchi. Apa ndi pomwe chikhulupiriro chobwereka kwa makolo chimathera, ndipo mnyamata amayamba kudzifunsa ngati zimene akuphunzitsazo amazikhulupiriradi.

Amene apirira nyengo imeneyi amasintha. Pemphero limaleka kukhala mwambo wa pachakudya n'kukhala kudandaula kwenikweni. Lamulungu loyamba la mwezi amasala kudya pamodzi ndi mamembala onse, omwe amapereka ndalama ya chakudyacho kuti ithandize osowa. Amaphunziranso kumvetsera. Mayi wamasiye amene mwana wake wagonekedwa kuchipatala safuna phunziro lachitatu, amafuna womutungira madzi ndi kukhala naye pansi. Ndi chifukwa chake amishonalewa amapatula nthawi yothandiza anthu ntchito zamanja, monga kulima, kusesa ndi kuumba njerwa.

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mnyamata amene wakanidwa kambirimbiri koma m'mawa n'kuvalanso tayi wake, waphunzira chinthu chimene adzachifune m'banja, kumunda ndi pabizinesi.

Tisanamizane, si onse amene amafika kumapeto. Malungo, kupukwa kumudzi ndi matenda a nkhawa zimabweza ena nthawi isanakwane. Mwana wotere akafika pakhomo safunika kumulozera zala. Wayesa chinthu chimene akuluakulu ambiri sangachiyerekeze, ndipo chomwe akufuna ndi phala lotentha ndi khutu lomumvera.

Kwa makolo amene mwana wawo wabwera ndi nkhani yofuna kupita, nzeru ndi kukhala naye pansi n'kufunsana bwinobwino. Kodi akupita mwa kufuna kwake kapena akutsatira anzake? Nanga sukulu adzaipitiriza bwanji akabwerako? Ntchito yake yapakhomo aigwira ndani? Walira mvula walira matope, choncho ndi bwino matopewo kuwaoneratu.

Ndipo kwa enafe amene tili ndi mipingo ndi mizikiti yathu, palibe chotikakamiza kuvomereza zimene anyamatawa amaphunzitsa. Kukana n'kololedwa. Koma pokanapo tizikumbukira kuti amene waima pakhomoyo ndi mwana wa munthu, wachoka kutali, ndipo kwinakwake kuli mayi amene akuwerenga miyezi kuti Lolemba lina adzamve kuti akubwera. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Kapu ya madzi ndi mpando wapamthunzi sizidasinthitsepo munthu mpingo.